Dzenje la a Tionekaye

Bwana oyang'anira ofesi yathu ya zaulimi, akuluakulu a nthambi ya ziweto, alangizi anzanga, alimi amene mwasiya makasu kuti mukhale nafe, komanso inu mayi akunyumba ndi ana, ndakulonjerani nonse. Mwaswera bwanji?

Andiuza kuti ndisatalikitse. Koma munthu tikutsanzikana nayeyu sanafulumirepo chiyambireni ntchito, ndiye nanenso mundipirire.

Achinyamata ambiri muofesi muno dzina lawo lenileni simulidziwa. Mumangoti a Tionekaye. Lero ndiulula kumene dzina la Tionekayeli linachokera. Achimwene, musandiyang'ane choncho, pakamwa pano ndi panga.

Ine ndi iwowa tinayamba ntchito limodzi, tili anyamata, malaya ali owuma ndi simbi. Sabata yoyamba, mlimi wina anatiitana kuti mbuzi yake yatupa mimba. Mnzangayu anafika ndi changu, n'kugwira pamimba kamodzi kokha, n'kulengeza kuti, "Bambo, sangalalani! Mbuzi yanu ili ndi bere. Mwinanso mapasa!" Mlimi uja anakanda m'mutu. "Zikomo alangizi," anatero, "koma ameneyu ndi tonde." Tonde uja anali atangokhuta madeya! Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale muwafunse ngati kunja kukugwa mvula, yankho ndi limodzi: "Tione kaye." Mayi, ndikunama? Ndinamva kuti ngakhale pa ukwati wanu, abusa atafunsa funso lija... ayi, imeneyo ndaisiya.

Nanga za moni? Akafika pakhomo pa munthu, amayambira kukhola. Mwininyumba ali chiimire, dzanja lili m'malere, iwo ali ndi ng'ombe: "Wadzuka bwanji iwe? Mwendo uja wasiya kupweteka?" Akamaliza ndi nkhuku zomwe, m'pamene amatembenuka: "Aa, bambo, muli pompa?" Za njinga yawo yamoto sindinena zambiri. Tinaikankha mtunda wautali kuposa umene inatinyamula.

Koma sindinaimirire pano kudzangokuseketsani.

Chaka china kunagwa chigodola cha nkhumba. Alimi muli pano mukudziwa, matenda amenewa alibe mankhwala. Linabwera lamulo loti nkhumba zonse za m'dera lokhudzidwalo ziphedwe n'kukwiriridwa, ndipo oyenda khomo ndi khomo tinali ife. Anthu ankatitsekera zitseko. Ena ankabisa nkhumba kuchipinda. Ine sindiwadzudzula. Kumudzi nkhumba si nyama chabe, ndi denga la nyumba, ndi sukulu ya mwana.

Tinafika kwa mayi wina wamasiye. Anaima pakhomo la khola, manja atatambasula. "Mwabwera kudzapha zanga," anatero. "Nanga zanu zija zikunenepa kuseri kwa nyumba yanu, a Tionekaye, zili ndi magazi ena?"

Sananame. Mnzangayu ankaweta nkhumba, ndipo ankazikonda. Panali ina yaikazi imene anailera ndi botolo make atafa. Ankaitcha Dona. Inkawatsatira pabwalo ngati galu. Ndinadikira kuti anene mawu awo aja. Sananene. Anangoti, "Mayi, mawa m'mawa mubwere kwathu. Muitane ndi anzanu."

Kutacha, anthu anapeza dzenje lakumbidwa kale. Anali atalikumba okha a Tionekaye, manja ali matuza okhaokha. Ndinawakokera pambali. "Achimwene, zanu sizikudwala. Ndiponso nyumba yanu ili kunja kwa malire a dera lokhudzidwalo."

"Ndikudziwa," anandiyankha. "Koma ndikasiya zanga, palibe amene atsegule khola lake, ndipo matendawa awoloka mtsinje."

Itafika nthawi ya Dona, ntchito yoipha anandipatsa ine. Iwo anagwada pansi n'kumaikanda kuseri kwa khutu, akuiyankhula chapansipansi, mpaka zonse zinatha. Kenako mayi wamasiye uja anatola fosholo n'kuyamba kukwirira nawo. Atamaliza anapukuta manja, n'kunena kuti, "Alangizi, tiyeni kwathu." Tsiku limenelo makola anatseguka. Matenda aja sanawoloke mtsinje, ndipo midzi ya kutsidya inapulumutsa ziweto zake. Makola amene anatsala opanda kanthu, mnzangayu sanawaiwale. Anayenda kutsidya kuja kupempha tiana ta nkhumba, mpaka khomo lililonse linayambiranso.

Koma kunyumba nkhani sinathe msanga. Mwana wawo wamkazi, uyo wakhala apoyo ndi khanda m'manja, nthawi imeneyo anali wamng'ono. Dona anali mnzake. Anakhala nthawi yaitali osawayankhula bambo ake. Tsiku lina tikuyenda, mnzangayu anandiuza kuti, "Mudzi wonse wandimvetsa, kupatula kamunthu kamodzi kamene ndimakakonda kuposa onse." Aka kanali koyamba kuwaona akupukuta m'maso. Mwanawe, usabise nkhope. Amayi ako andinong'oneza kuti malaya avala bambo akowa wasita ndiwe, ndipo sunalole wina aliyense kuwakhudza.

Nkhumba sanawetenso. Anayamba nkhunda. Mukadutsa kwawo madzulo mudzawapeza akhala pachitsa, mapira ali m'dzanja, nkhunda zili paphewa ndi pachipewa pomwe. Amati nkhunda n'zabwino chifukwa umazitsegulira m'mawa, zipite kumene zikufuna, ndipo zimabwera zokha.

Achimwene anga, zikomo. Zikomo chifukwa cha matope amene tinaponda limodzi, ndi dzuwa limene linatiwotcha. Munatiphunzitsa kuti usanapemphe mlimi chinthu chowawa, uyambe walawa wekha. Mayi, nanunso zikomo. Munkachapa zovala zonunkha mankhwala a dibi osadandaula, chakudya n'kumazizira patebulo chifukwa ng'ombe ya wina yalephera kubereka. Tinakubwerekani amuna anu ali ndi tsitsi lakuda. Tikukubwezerani ali ndi imvi, mutikhululukire.

Lolemba likubwerali tambala akalira, achimwene, mutembenukire kukhoma. Mugone. Dzuwa likakwera, munyamule mdzukulu wanuyo, mukamuonetse mmene amatsegulira khola la nkhunda. Mpando wanu muofesi tidzapatsa wina, koma ine ndidzazolowera mochedwa.

Anzanga, manja amenewo musawasunge m'matumba. Tiyeni tiimirire tonse, tiombe mwamphamvu, mpaka ng'ombe za kutsidya zimve kuti mnzawo akupita kukapuma!