Ndinapita kukagawa ana anga ndikadali moyo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Amene anandibweretsera uthengawu anali alangizi a zaumoyo a kwathu kuno ku Magaleta. Anandipeza ndikupalira mbatatesi, n'kundiuza kuti zotsatira za kuyezetsa khomo la chiberekero kumene ndinachita zabwera, andipeza ndi kachilombo ka HPV, ndipite kuchipatala Lachinayi. Anafotokoza zambiri, koma m'mutu mwanga munangotsala khansa ya khomo la chiberekero. Mayi anga aang'ono anapita ndi matenda amenewo, ndipo amene ndinkawachapira nsalu ndine.

Lachinayi linafika, ine osapita. Kuchigayo wina ankati ukapita amakuchotsa chiberekero, wina ankati mankhwala ake kulibe. Ndikafunsa kuti mtima ukhale pansi, mantha ndiye ankawonjezeka. Bambo a kunyumba sindinawauze, poopa kulozana zala, pakuti ndinamva kuti kachilomboka kamafala pogonana.

Kwathu kuno mayi akamwalira, ana amaonedwa ndi amalume awo. Choncho ndinayenda wapansi mpaka ku Ligowe kwa achimwene anga, eni mbumba, kuti ndikawasiyire ana anga atatu mphamvu ndikadali nazo. Achimwenewo sindinawapeze. Ndinapeza akazi awo, mayi a Tadala, akutonola chimanga, ndipo ndinawakhuthulira zonse uku ndikulira.

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, “Alamu, ana mwagawa, nanga mbuzi zija mwandisiyirako?” Ndinaseka misozi ili m'masaya, iwo n'kupitiriza kuti, “Kodi achipatala anena kuti ndi khansa? Ayi, eti? Ndiye maliro amenewa wakuuzani ndani?”

Analowa m'nyumba n'kutulutsa buku lawo la kuchipatala. Nawonso anawapeza ndi kachilomboka kalekale, n'kuthandizidwa, ine ndikudya nawo mbale imodzi osadziwa. Chinsinsi chimene anasunga zaka zonsezo anachiyala poyera chifukwa cha ine. Anandiuza kuti kachilomboka ali nako anthu ambiri, kukhala nako si kukhala ndi khansa, ndipo amayeza kuti athandize munthu zisanafike poipa.

M'mawa mwake anasiya chimanga chawo pamkeka n'kundiperekeza. Anamwino anapeza kamalo kakang'ono pa khomo la chiberekero kamene kanayamba kusintha, n'kukatentha ndi kachipangizo tsiku lomwelo. Patatha chaka ndinabwererako, anati zili bwino. Bambo a kunyumba ndinawauza, alamu ali pambali panga, ndipo mtsikana wanga wamkulu analandira katemera wa HPV. Achimwene mpaka lero amandifunsa kuti, “Ana anga aja mubwera nawo liti?”

Ine ndinkapempha Mulungu kuti andisamalirire ana amasiye, koma Iye anawasungira mayi awo. Inu amayi amene mwalandira uthenga ngati wangawu, musagawe ana, pitani Lachinayi lanu. Mukamagwada, mukumbukire banja lathu, makamaka mayi a Tadala, amene chimanga chawo chija nkhuku zinadya ali nane kuchipatala.