Msana unkandigwira kuti ndisagwe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Linali Lachinayi, nthawi ili 10 koloko m'mawa, pamene ndinakhala pabenchi ya chipatala chathu chaching'ono kufupi ndi Ntaja, msana ukundiwawa chaka chachitatu. Tsiku limenelo Mulungu anayamba kundiyankha, koma osati m'njira imene ine ndinkadikira.

Amuna anga, bambo a Esinati, anamwalira atadwala sabata ziwiri zokha. Ine ndimatsogolera nyimbo pamaliro mumpingo mwathu, ndipo pamaliro awo ndinayambitsanso nyimbo ndekha mpaka kumanda, ngakhale amayi anzanga ankandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Sindinagwetse msozi. Anthu anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Patangopita mwezi, msana unauma ngati thabwa. Khasu linandikanika, ndowa ya madzi inandikanika, munda wa nandolo unasanduka tchire. Mwana wanga Esinati, amene anakwatiwa ku Balaka, anayamba kunena kuti nditseke nyumba ndikakhale kwa iye. Koma njerwa za nyumbayo tinaumba awiri ndi bambo ake, ndipo sindinkafuna kuisiya.

Mapilitsi ndinamwa. Kuchipatala chachikulu anandijambula, nkundiuza kuti palibe chothyoka. M'mawa uliwonse ndinkaukalipira ululuwo kuti uchoke m'dzina la Yesu, koma sunachoke. Ndinafika poganiza kuti Mulungu wanditaya.

Lachinayi lija a pachipatalapo ananditumiza kwa namwino wothandiza za maganizo, mayi wachisilamu, dzina lawo a Mariyamu. Atandimvetsera, anandiuza kuti munthu mmodzi amakhala ndi mbali zingapo mkati mwake, ina yolimba, ina yamantha, ina yolira, ndipo iliyonse imayesa kumuteteza. Ine ndinatola kachikwama kanga nkuimirira.

"Mukuti ndili ndi majini?"

Iwo anaseka pang'ono. "Iyayi amayi, takhalani pansi. Simunanenepo kuti mtima wina ukuti ndipite, wina ukuti ndikhale? Ndi zomwezo. Mitima yonseyo ndinu nomwe." Kenako anandifunsa kuti, "Nanga mlendo akafika pakhomo panu, mumamupirikitsa musanamve chimene wadzera?"

Anandiuza kuti nditsinzine, ndiupatse moni ululuwo, ndiufunse chimene ukuopa kuti chichitika ukandisiya. Ndinachita manyazi, munthu wamkulu kulonjera msana wanga. Ulendo woyamba sindinamve kanthu, wachiwirinso chimodzimodzi. Pa ulendo wachitatu ndinadziona ndili kumanda, bokosi likutsika, ine nditaumitsa msana kuti mawondo asandigwetse. Ndinazindikira kuti mayi wolimba uja mkati mwanga anali asanakhalepo pansi chichokereni kumanda. Ankaopa kuti ndikangoyamba kulira sindidzadzukanso. Zaka zonsezi ndinkamudzudzula ngati chiwanda, pamene iye ankangondigwira kuti ndisagwe.

Ndinamuuza chamumtima kuti zikomo, mwagwira ntchito, maliro anatha, tapumulani. Misozi inabwera pomwepo. Ndinawalira bambo a Esinati, ndikuwaitana ndi dzina limene ndinkawatchula tikakhala awiri. A Mariyamu sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anangotseka chitseko, nkukhala pambali panga mpaka nditatha.

Sindikunamizeni kuti ndinachira tsiku lomwelo. Panatenga miyezi ndikubwererako, ndipo mankhwala a kuchipatala sindinasiye. Masiku ena msana umaumanso, makamaka ndikachokera kumaliro. Ukatero ndimakhala pamphasa, ndimaufunsa chimene chavuta, kenako ndimapemphera, ndipo nthawi zambiri umafewa. Esinati atabwera nthawi yokolola, anapeza nandolo ali padzuwa. Anawayang'ana nthawi yaitali, nkundipempha thumba loti atengeremo ena oti zidzukulu zanga zikadye. Za kutseka nyumba sanatchulenso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa nkunditumizira thandizo kudzera mwa mayi amene sitipemphera naye malo amodzi. Inu amene thupi lakuwawani nthawi yaitali, musasiye kupemphera, musasiyenso kupita kuchipatala, ndipo musadane ndi thupi lanu. Mwina pali chimene lakhala likukusenzerani.

Ine panopa ndimalima m'mawa, dzuwa likakwera ndimaika khasu pansi nkupumula, ndipo ndikukhala m'nyumba mwanga.