Machesi Alowa M'thumba

Chumuni chafupika. Ndayambira pamenepo kuti mawuwa asakwiririke m'maulemu.

Olemekezeka a dokotala aakulu a chipatala chino. Olemekezeka a wapampando wa komiti, amene mwandipatsa mpando wofewa lero mutandiimika pakhomo la ofesi yanu chaka chonse. Olemekezeka abwana amene mwatigulira ng'anjo yowotchera zinyalalayi, inu amene mubwerere kwanu mawindo a galimoto ali chitsekere. Anamwino, amayi ndi abambo. Ndi inu akamwini anga, mmisiri wa ntchitoyi, amene mwabisala kuseri kwa tenti.

Ndikuthokoza. Malo ano ndinapereka ndi mtima umodzi, pakuti dzenje lakale lija, mmene munkawotcheramo mabandeji ndi mapulasitiki, linali litamaliza chifuwa cha mayi a kunyumba kwanga. Munati ng'anjo ikadzabwera adzapuma bwino, ine n'kuwomba m'manja. Kale utsi unkavutika, unkakwawa chitunda chonse kuti utipeze. Lero mwaumangira njira ya njerwa, kukamwa kwake kwalingana ndendende ndi zenera la kuchipinda kwathu. Chitukuko chimenecho.

Ine sukulu sindinaipondeko, ndipo sindinaisowe. Ndinakalambira pa uvuni wa buledi. Bwana wanga wina, pofuna kusunga nkhuni, ankatseka kabowo kolowera mpweya. Moto unkabanika, utsi n'kuda bii, buledi n'kumanunkha mwaye, ife osonkhezera n'kumalavula zakuda mpaka Lamulungu. Mdzukulu wanga, mphunzitsi wa sayansi, akuti mpweya umenewo ndi okosijeni, ndipo akuti chowotchedwa sichitha, chimangosanduka phulusa, utsi ndi mipweya ina yosaoneka imene imafuna pogona. Ndinamuuza kuti nzeruzo anatengera kwa ine, sukulu inangoikapo dzina. Iye anati, "Agogo, inu paja mumati phulusa limachiza mutu." Limachiza. Tikukanganabe. Koma pa chumuni tagwirizana, koyamba chibadwire chake.

Ndinawafunsa akamwini, "Pachithunzi munationetsa chija, chumuni chinapitirira mtengo uwo. Chathera bwanji m'chiuno?" Iwo anati, "Bambo, makwerero anathera pomwepo, komanso tsiku la mwambo linayandikira. Tipaka penti." Apakadi. Taonani kukongola kwake. Apongozi awo azitsokomola utsi wochokera m'chumuni choyera mbee, ndipo akabanika sayenda ulendo wautali, chipatala chili pafupi.

Mwandipatsa lumo lodulira riboni ndi machesi oyatsira moto woyamba. Riboni nayi, ndadula. Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti ng'anjoyi yatsegulidwa, ojambula ajambule. Koma machesi alowa m'thumba ili, ndipo mpando wofewawu ndikuukokera pakhomo la ng'anjo. Wofuna kuyatsa ayambe wandinyamula ine mlendo wolemekezeka.

Akamwini, tulukani kuseri kwa tenti. Makwerero aatali ali kwa wokonza magetsi, ndipo njerwa zotsala zija munaziunjika kuseri kwa nyumba yanu, mwana wanga anandiuza. Vulani jeketeyo, mukwere lero.

Zikomo kwambiri, nonse amene mudikire nane.