Anandiitana ndi Dzina la Paubwana

Aulutsi, ndine mayi wa ku Katete ndipo ndinaphunzira za makompyuta. Kampani ina ya zamafoni inkafuna mlangizi wodziwa alimi a kwathu kuno, ndiye inandiitana ku intavyu pa loji ina m'tauni.

Bambo wondifunsayo anamwetulira n'kunditchula dzina langa la paubwana, limene ndinalisiya nditavinidwa. Dzinalo silili pa chitupa chilichonse. Amene amandiitanabe choncho ndi amayi anga okha, tikamacheza pafoni.

Ndinafunsa kuti, "Mwalidziwa bwanji, bambo?"

Iwo anati, "Ndiyo ntchito yathu, mayi. Alimi anuwonso tikufuna tiwadziwe chomwecho."

Ntchitoyo ndinaikana. Koma mpaka lero amayi akaimba foni kuchokera ku Vubwi, ndimafulumira kunena kuti, "Amama, musanditchule."