Chingwe cha Dotolo Chitsale ku Kelimane

Zaka zoyambirira titabwerako ku makampu a othawa nkhondo a ku Malawi, ambiri a inu musanabadwe, chingwe cha dotolo chija chomvera m'chifuwa tinkachiona kuchipatala kokha, ndipo ukachifuna unkalawirira kuchoka kuno ku Mongue mpaka ku Milange, n'kukakhala pamzere. Koma lero, mwamva nokha, Filomena mwana wa mlongo wangayu wabwera ku tchuthi ndi nkhani yoti anzake kusukulu ya zachipatala ku Kelimane akugula chawochawo, ndipo mayi ake akuti tigulitse nandolo tikupetayu kuti nayenso agule. Manja asaime, ana inu, koma mvetserani.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, kuwerenga ndinaphunzirira pa matumba a ufa a kukampu, koma ndayenda, ku Mokuba, ku Guruwe, ku Limbe, ndipo ndaona kuti munthu akamalimbikira kuti popanda chakutichakuti sungaphunzire, kawirikawiri wogulitsa chinthucho amakhala mlamu wake. Izo tizisiye. Chondidetsa nkhawa ndi china.

Chaka china ndinkagula nyemba ku Molumbo, ndikugona kwa mayi wina wamasiye, a Rozalina. Mdzukulu wawo Abiliyo ankaphunzira zomwezi, ndipo abale anasonkha n'kumugulira chingwe. Tsiku lomwe anafika nacho khonde linadzaza. Mnyamatayo sanali wabodza ayi, ankanena ndithu kuti akadali mwana wa sukulu, koma ungawakane bwanji amalume ako atavula kale malaya? Agogo akewo anali akutsokomola chiyambire nthawi yokolola. Abiliyo anawamvetsera kumsana, n'kuwauza kuti zimene akumva sizabwino, apite ku Milange akapimitse makhololo. Iwo anangoseka.

"Ndikavutikirenji panjinga, mwana wandiika kale chingwe? Ndikumva kupepuka ine."

Mwamva, eti? Kwathu kuno kachitsulo kozizira kaja kakangotikhudza pachifuwa timati tathandizidwa. Mnyamatayo anawadandaulira, tchuthi chinatha, mvula inabwera n'kudula msewu, ndipo pamene ndinkadutsanso kumeneko ndinapeza nyumba ili yotseka, udzu utamera pakhomo. Mukuganiza kuti anthu anati gogo anakana chipatala? Ayi, anati mdzukulu anawapima koma sanawachiritse. Mpaka lero Abiliyo kumudzi safikako.

Ndiye tawaonani bambo ako, Filomena, alamu angawa, akhala apo ngati sakumva. Chifuwa chawochi chinayamba chimanga chisanaume. Dzulo nditawatchulira za kuchipatala anandiyankha kuti akudikira mwana wawo agule chingwe adzawapime pakhomo pompano, a m'mudzi aone kuti sanaphunzitse pachabe.

Iwe wandiuza m'mawa kuti, "Amalume, cha kusukulu timalimbirana gulu lonse, ndipo khutu silizolowera ngati sumvetsera tsiku ndi tsiku." Sindikutsutsa, mwanawe. Kale ophunzira ankadikirana, ankabwerekana, ndipo ankatuluka odziwa ntchito, koma mwina masiku ano mwachuluka. Kungoti kale chingwe chinkakhala pomwe pali mankhwala ndi munthu wamkulu woyang'anira, pamene lero chikukwera nawo basi m'chikwama cha zovala.

Tsono mawu anga ndi awa. Nandolo tigulitsa, ugule, koma ukagulire ku Kelimane komwe aphunzitsi ako angachiyese, osati za pa malire zopachikidwa pamodzi ndi matochi. Ukachigwiritse ntchito pa odwala a m'chipatala, pa anzako, pa iwe mwini. Koma ukamabwera kuno uzichisiya komweko, mpaka tsiku lomwe udzathe kuuza mkulu kuti, "Valani malaya, tiyeni kuchipatala," iye n'kumvera.

Alamu, musandiyang'ane choncho. Njinga ndapopa kale, mawa m'mamawa mukwera kumbuyo, ndipo nandoloyu sachoka pakhomo pano ife tisanabwereko ku Milange.