Ndisanapente, Nditapenta

A Bulashi, wopenta nyumba wodzitama kuposa onse mumsewu wathu, analowa mu situdiyo ya zithunzi thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja. Pofika thu koloko amayenera kuonetsa mwini hotela zithunzi ziwiri za khoma limodzi, asanalipente ndi atalipenta, ndipo ntchito ya ku hotelayo ikawaphonya, akazi awo anali atalamula kale kuti abwerere kokagwirira mlamu wawo makwerero.

"Achemwali, zithunzi izi muzikonze zioneke bwino, mupulinte. Changu!"

"Zonse ziwiri, bambo?" anafunsa mayi wokonza zithunzi, uku akuziika pa kompyuta.

"Ndanena ziwiri. Kodi ndachita chibwibwi?"

Mayiyo ndi wa mtundu uja woti ukamutuma mchere amabweretsa mchere, ngakhale aone kuti nyumba ikupsa. Anayamba ndi chithunzi chakale, chakuda bii. Anakoka kamzere kamodzi, nakoka kena, khoma lija n'kutuluka mumdima lili see, losalala bwino.

"Iii! Mwatani?" A Bulashi anagwira m'mutu.

"Ndawonjezera kuwala, ndachotsa mdima wa m'makona. Taonani, khomali linali lokongola."

"Linali lonyansa!"

"Chonyansa chinali chithunzi, bambo. Munajambula dzuwa likukuwombani kumaso."

"Ndinachita dala!"

"Pepani. Ndakonza."

"Ndani wakutumani?"

"Inu. Mwati zioneke bwino." Anayandikitsa nkhope pa sikirini. "Koma analipenta kaleyo ndani? Ali ndi dzanja labwino."

A Bulashi anayang'ana kumbali. "Mlamu wanga."

"Amachita kudziwa."

"Mayi, sindinabwere kudzamva mbiri ya mlamu wanga! Tsegulani changacho, muone ntchito."

Chithunzi chachiwiri chinali choyera mbee, moti khoma ndi thambo sizimasiyana. A Bulashi anatulutsa chifuwa.

"Mwaona? Kuyera kumeneko!"

"Kwachuluka kuwala. Dikirani ndichepetse, ndisiyanitse choyera ndi chakuda."

"Musakhudze!"

Koma chala chinali chitayenda kale. Pakhomapo panayamba kutuluka mizeremizere, yopingasa ndi yotsetsereka, penti atayenderera mpaka pawindo.

"Kompyuta yanuyi ili ndi matenda," anatero a Bulashi.

"Ayi, ndi yatsopano. Nanga apa?"

"Fumbi la pa sikirini."

Mayi anapukuta sikirini ndi kansalu, modekha, ngodya zonse zinayi. "Silikuchoka. Lili ndi zala zisanu."

"Ndinatsamira pang'ono! Munthu osapuma?"

"Nanga chotupa ichi?" Anakulitsa chithunzi. "Ooh, ndi nalimata. Munamupentera kumodzi."

"Ndinamuuza kawiri kuti asunthe!"

"Mchira wake watuluka bwino kwabasi," mayi anatero monyadira ntchito yake.

A Bulashi anavula chipewa, nachivalanso. "Tamverani, achemwali. Chakalecho muikemo ming'alu. Iwiri kapena itatu, ndi kankhungu pansi."

"Kamera sinaone ming'alu."

"Ndiye ioneni inuyo!"

"Ine sindiika zomwe mulibe, bambo. Ndimangotulutsa zomwe zilimo."

"Chabwino, bwezeranimo mdima!"

"Wochuluka bwanji?"

"Wokwanira!"

Mayi anatsitsa kuwala pang'ono, mosamala, nawonjezera kufiirira. Awiriwo anayang'ana.

"Eee," mayi anapumira m'mwamba. "Tsopano likuoneka ngati la anthu olemera."

"Chotsanimo mitundu yonse! Likhale lakuda ndi loyera, ngati la makedzana!"

Anachotsa. Khoma la mlamu linangoti nji, laulemu wake, loyenera kupachika pabalaza.

"Ichi mukandilola ndichiike pawindo la situdiyo," anatero mayi. "Chingandiitanire makasitomala."

"Inu mayi, kodi anakutumani mlamu wanga?"

"Sindiwadziwa. Koma mukandipatsa nambala yawo, kwathu kuli chipinda chofunika penti."

Apa a Bulashi anakhala pampando osauzidwa. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa hafu pasiti wani, ndipo kunena zoona, bamboyo mantha anawagwira. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala pansi pa makwerero aja, penti akuwadonthera m'khosi, mlamu ali pamwamba kuimba mluzu. Kubwererako kunali kufa ali moyo.

Anayang'ana chithunzi cha kumanzere, nayang'ana cha kumanja. Anayang'ananso, nthawi yaitali, ngati munthu wosankha nsapato pa msika.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "mawu mumalemba pansi pa zithunzi?"

"Timalemba."

"Pansi pa chokongolachi lembani kuti NDITAPENTA."

"Chimenecho ndi cha alamu anu."

"Lembani. Pansi pa cha nalimatachi lembani kuti NDISANAPENTE."

Mayi anachotsa manja pa kompyuta, nawapinda pachifuwa. "Ayi, bambo. Limenelo ndiye bodza."

A Bulashi anadzuka, naloza ntchito ya manja awo mokwiya.

"Bodza lili pati, mayi? Tayang'anani bwinobwino! Ngakhale mwana angaone kuti khoma ili likufunika wopenta!"