Kompyuta imene inandisunga pafupi ndi agogo

Moni nonse m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ine sindine munthu wolankhulalankhula, ondidziwa ku Bangula angavomereze. Koma lero sindikhala chete, chifukwa ndinatsala pang'ono kusiya agogo anga okha n'kupita ku Joni, ndipo Mulungu sanalole.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono. Anandilera ndi agogo akuchikazi, amene anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Tsopano miyendo yawo yafooka. Madzi ndimatunga ndine, mankhwala ndimawakumbutsa ndine. Ntchito yanga ya m'minda ya nzimbe itatha, ndinafuna chochita chimene sichingandichotse pakhomo. Ndinkaona anyamata akudzazana m'tinyumba ta vidiyo kumsika, ndipo msuweni wanga wa ku Joni anali atanditumizira magalasi akale a VR, aja ukavala umaona ngati walowa m'kati mwa masewero. Ndinaganiza zolumikiza kompyuta yoyendetsa magalasiwo kuti anthu azilipira n'kumasewera.

Ndinaonera mavidiyo ambiri pa foni. Onse ankati mtima wa kompyuta yotere ndi galafiki khadi, chifukwa ndi imene imajambula zonse zimene maso akuona, ndipo ikakhala yofooka zithunzi zimadukiza mpaka wosewera amachita nseru. Choncho ndinapita ku Limbe ndi ndalama zonse zimene anandipatsa kuntchito, n'kugula khadi yaikulu koposa imene ndinaipeza, yogwirapo kale ntchito, ya mafani atatu. Zina zonse ndinangotola zotchipa: pawa sapulayi, imene imagawa magetsi m'kompyuta, yopepuka yopanda ndi dzina lomwe, ndi kabokosi kotsekeka mbali zonse. Khadiyo inalowamo mokakamiza.

Chimene sindinachione n'choti anthu a m'mavidiyo aja ankalankhula atavala majuzi. Ife kuno mu Okutobala timagona panja, ndipo chitsulo cha mjigo chimaotcha m'manja. Tsiku lotsegulira, m'kachipinda ka malata kamene ndinapeza kumsika, anyamata ali pamzere, mafani anayamba kulira ngati chigayo. Posakhalitsa kunamveka phu, kenako fungo la waya wopsa, zonse n'kuzima. Mnyamata wina anafuula, “Achimwene, mwatiitanira masewero kapena kanyenya?” Anaseka n'kumwazikana.

Ndinatseka chitseko ndili wotsimikiza kuti khadi yapsa, ndi thukuta langa lonse limodzi nayo. Msuweni uja anandiuza kuti ndingopita ku Joni, ntchito yotsuka magalimoto ilipo. Ndinayamba kufunsa za pasipoti. Koma ndikaona agogo akudzikoka ndi ndodo kupita pamthunzi wa nimu, ndinkabwerera m'mbuyo pa za ulendowo. Sindinawauze kanthu. Pemphero langa linali lomwelomwelo m'mawa uliwonse: Ambuye, musandichotse pano.

Agogo anali ataona zonse. Lachinayi lina amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera nawo pakhonde, poti iwo sangathenso kuyenda. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mbale pamene ndinawamva akuti, “Mumupempherere Zuze wanga. Anagula mtima wa ng'ombe n'kuuika m'chifuwa cha nkhuku, ndiye nkhuku yafa.” Amayiwo anaseka, koma Mayi Fombe anafunsitsa, kenako anati mwana wawo Esita amakonza makompyuta ku Blantyre, ndipo akubwera kudzawaona.

Esita anafikadi. Anatsegula bokosi, n'kununkhiza, n'kuloza pawa sapulayi kuti chapsa ndi chimenecho. Khadi anapita nayo kukaiyesa. Masiku amenewo ndinkaopa kuyang'ana foni. Itaitana, ndinangomva Esita akuti, “Achimwene, ng'ombe yanu ili moyo.” Ndinakhala pansi pomwepo padothi.

Kenako anandifunsa mafunso amene ine sindinadzifunsepo: magalasi anga amafuna mphamvu yotani, chipinda chimatentha bwanji masana, magetsi amathima kangati. Anati khadi yangayo inali yopitirira pa magalasi akale, imadya magetsi ambiri ndipo imatulutsa moto wambiri. Anali ndi kasitomala amene ankaifuna mu ofesi yozizira. Posinthana, anati ine ndilandira khadi yocheperako koma yokwanira, pawa sapulayi yodalirika, bokosi lamabowo lolowa mphepo, ndi kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Kunena zoona mtima unawawa, chifukwa khadi ija ndinkainyadira. Koma ndinavomera.

Tinalumikiza zonse limodzi. Pansi pa malata ndinayalapo mphasa, ndipo dzuwa likafika pamutu timaipumitsa kompyuta monga mmene anthu amapumira kumunda. Mpaka lero sinazimepo chifukwa cha kutentha, ndipo anyamata aja anabwerera, woseka uja ndiye amalawirira.

Koma woyamba kuvala magalasi anali agogo. Ndinawanyamula pa njinga mpaka kukachipinda kaja, n'kuwaikira masewero a pansi pa nyanja. Anayamba kuzinda nsomba, akuzikalipira m'Chisena. Kenako anatambasula dzanja, akufufuza m'mwamba, poti sankandiona.

“Zuze, uli pomwepo?”

“Ndili pompano, agogo.”

Anandigwira mkono mwamphamvu. “Usachokepo.”

“Sindichoka.”

Iwo ankanena za nsomba zija, kapena mwina ayi. Ine ndinalira mwakachetechete, ndipo sanaone.

Takhuta, Ambuye, monga timathokozera m'Chisena. Zikomo Esita, zikomo amayi a pakhonde paja. Inu amene chinthu chakupserani m'manja ndipo mwayamba kulongedza, dikirani pang'ono, uzani wina ngakhale mukuchita manyazi, ndipo musaleke kupemphera. Ine ndinakhala chete, koma Mulungu anandiyankha kudzera pakamwa pa agogo amene sadziwa n'komwe poyatsira kompyuta.